Stone House ya ku Livingstonia: bwanji osangoipaka simenti kuti ioneke yamakono?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Kasungu. Tinapita ndi ana ku Livingstonia ndipo tinalowa mu Stone House, nyumba yakale ya Dr Robert Laws imene pano akusungiramo zinthu zakale. Pobwerera ana anandipanikiza ndi mafunso. Nyumba ya mzungu mmodzi ikhala bwanji chipilala cha dziko lonse? Mwini wake ndani, boma kapena mpingo? Wina anati ili m'manja mwa UNESCO, kodi n'zoona? Nanga poti alendo amalipira polowa, bwanji osaipaka pulasitala wa simenti, kuika matailosi ndi mawindo atsopano kuti ioneke bwino?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo afunsa zanzeru. Pa funso la simentilo ndi pamene ndikhalitse, chifukwa nyumba zakale zambiri zimene ndaona zitawonongeka zinawonongedwa ndi anthu a mtima wabwino, amene ankafuna kuzikongoletsa. Koma kuti muwafotokozere bwino, ayambe amvetsa chimene chinakweza nyumbayi pamwamba pa phiri.

Amishoni a Free Church of Scotland anafika pa nyanja yathu mu 1875 ndi sitima yawo ya Ilala, n'kukhazikika ku Cape Maclear. Malungo anawapulula. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, koma kumenekonso manda anapitirira kuchuluka. Mu 1894 Laws, mtsogoleri wa amishoniwo, anasankha Khondowe, pamene lero pali Livingstonia, m'dziko la Aphoka ku Rumphi, malo okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja. Nthawi imeneyo zoti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo zinali zisanatsimikizike, popeza Ronald Ross anadzazipeza mu 1897. Chimene amishoniwo ankadziwa n'chakuti kumtunda, kozizira ndi kopita mphepo, anthu safa ngati kugombe. Laws ndi mkazi wake Margaret anayamba akhala m'nyumba ina imene mpaka lero imatchedwa House Number One. Stone House inamangidwa mu 1903, ndipo Laws anakhalamo mpaka pamene anachoka m'dziko muno mu 1927.

Mukadzapitanso, anawo muwaimike panja kaye asanathamangire kukaona zithunzi ndi zida za chipatala zimene zili m'kati. Awone kuti nyumba zambiri za pa mishoni ndi za njerwa zofiira, pamene iyi ndi ya miyala. Khoma la miyala lochindikala limachedwa kutentha ndipo limachedwa kuzizira. Masana dzuwa likaswa mtengo m'kati mumakhala mozizira, ndipo usiku wa mu Juni, pamene Khondowe yakutidwa ndi nkhungu, khomalo limabweza pang'onopang'ono kutentha kumene linamwa masana. Awonenso khonde. Alendo amalikonda chifukwa ukakhala pamenepo maso amafika kutali, koma kwa mmisiri ntchito yake yaikulu ndi kutchinga khoma kuti mvula yowomba ndi mphepo isalimenye, ndi kuti dzuwa lisalowe molunjika pa mawindo. Mutachotsa khonde, khomalo likhoza kuyamba kudwala m'nyengo zochepa za mvula.

Pali masewera amene ndimakonda kupatsa ophunzira pa nyumba za m'nthawi imeneyo: aloze chimene chinachokera kunja ndi chimene chinapezeka pomwepo. Galasi, misomali, mahinjesi, maloko ndi malata zinkachokera ku Britain. Zinkatsika pa doko la Chinde ku mathiriro a Zambezi, n'kukwera ndi mtsinjewo kulowa mu Shire, n'kusenzedwa pamutu kulambalala mathithi kudzera ku Blantyre, n'kukwezedwanso sitima ya pa nyanja mpaka ku Chitimba, kumene azungu ankati Florence Bay. Kuchoka apo, phiri lija. Msewu wa Gorodi umene munakwera, wa makona akuthwa pafupifupi 20 uja, unkakumbidwa m'zaka zomwezo, choncho katundu wambiri woyambirira anakwera pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Chinthu chilichonse cholemera chimene chikanapezeka pafupi, monga mwala, dothi, mchenga ndi mtengo, sakanachiitanitsa kunja. N'chifukwa chake nyumbayi ndi ya Khondowe kuyambira pa maziko. Laws mwiniyo anakulira ku Aberdeen, mzinda womangidwa ndi miyala yotuwa, ndipo anaphunzira ukalipentala ali mnyamata, ntchito ya bambo ake. Ankadziwa thabwa lopalidwa bwino akaliona.

Apa ndi pamene ndimayankhira mwana amene wati ndi nyumba ya mzungu mmodzi. Amene anagonamo ndi Laws, inde. Koma amene anaswa miyala, kuisenza, kuisema ndi kuiyala, amene anacheka matabwa ndi sowo, anali anthu akuno. Sukulu ya Overtoun Institution pa Khondowe pomwepo inkaphunzitsa zomangamanga, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito zina zamanja, kuwonjezera pa uphunzitsi ndi ubusa. Mayina a amisiri ambiri sanalembedwe pa khoma lililonse. Chimene anatisiyira ndi ntchito ya manja awo, ndipo ili poyera pa khoma lija: mmene mwala uwu anaugonekera pa unzake, pamene anatsekera mpata ndi kamwala kakang'ono, pamene tchizulo inadutsa. Pulasitala akaphimba zimenezi, wafafaniza siginecha yokhayo imene anthu amenewa ali nayo. Ine zimenezi zimandipweteka kuposa kutayika kwa mpando wa Laws.

Ndiye pali anthu amene anadutsa pa mishoniyi n'kukagwedeza maiko. Clements Kadalie anaphunzira pano asanakayambitse bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba, mmodzi wa oyambitsa bungwe loyankhulira anthu akuda la North Nyasa Native Association mu 1912, anali wa sukulu yomweyi. David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda, anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Anawo musawabisire mbali yowawa. Mishoni inachedwa kwambiri kukhulupirira anthu akuda pa utsogoleri. Abusa oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi 40 chifikire amishoni, ndipo Mwasi anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake. Nyumba ya mkulu wa mishoni ndi malo oyenera kukambirapo zonsezi, zokoma ndi zowawa zomwe, chifukwa amene ankagamula zambiri mwa izo ankakhala momwemo.

Mwina munaona zilembo zija pa kapinga pafupi ndi nyumbayi. M'mwezi wa Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa ngozi, boma la atsamunda linaganiza kuti azungu a ku Livingstonia akhoza kuphedwa. Ndege inaponya uthenga wofunsa ngati akufuna kusamutsidwa, ndipo inati idzabweranso kudzaona yankho. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera, atakambirana anayala pansi zilembo zikuluzikulu zoyera, zooneka kuchokera m'mwamba, zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za Khristu amene ali mtendere wathu, amene anagumula khoma lolekanitsa anthu. Sanasamuke. Izi zinachitika Laws atamwalira kalekale, poti iye anamwalira mu 1934. Nkhani ya malowa inapitirira mwini nyumba atapita.

Za umwini n'zachidule. Mishoni ya Livingstonia ndi nyumba zake zili m'manja mwa mpingo wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia, yomwenso inatsegula University of Livingstonia pa malo omwewo mu 2003. Boma likalengeza kuti nyumba ndi chipilala chotetezedwa silikhala kuti lalanda. Lamulo limene limagwira ntchito ndi Monuments and Relics Act la 1990, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1965, ndipo amaliyang'anira ndi a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala. Nyumba zakale za pa mishoniyi, kuphatikizapo Stone House, zili m'gulu la zipilala za dziko. Tanthauzo lake n'lakuti mwini nyumba sangaigwetse kapena kuisintha mwakufuna kwake popanda chilolezo cholembedwa, ndipo zinthu zakale zotetezedwa sizingangotengedwa kupita nazo kunja kwa dziko. Chimene lamulo silichita ndi kubweretsa ndalama palokha. Limamanga manja a mwini nyumba, koma malata akadontha mwini yemweyo ndiye amayamba kusowa tulo. Ndalama yolowera pamodzi ndi ya alendo amene amagona m'nyumbamo imathandiza pamenepo, ndipo musaganize kuti ndi yochuluka poyerekeza ndi mtengo wosamalira nyumba ya zaka zoposa 120.

Za UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mwanayo anamva molakwa. Malo a m'Malawi amene ali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi ndi Lake Malawi National Park kuyambira 1984, zojambula za pa miyala za ku Chongoni kuyambira 2006, ndi phiri la Mulanje limene linalowa mu 2025. Livingstonia palibe. Ngakhale ikanakhalapo, UNESCO sitenga malo kukhala ake, dziko ndi limene limapempha ndipo ndi limene limasamalira. Chimodzi mwa zimene akatswiri awo amafunsa ndi chakuti, kodi chinthuchi chikadali chenicheni, ndi zipangizo zake ndi luso lake loyambirira? Tsiku lina Malawi atafuna kupempha za Livingstonia, matailosi ndi mawindo a aluminiyamu ndi zimene zingatigwetse poyamba.

Tsopano simenti. Pamene Stone House inkamangidwa, simenti inali yoitanitsa kunja ndi yodula kwabasi, ndipo fakitale yake inadzabwera m'dziko muno patapita zaka zoposa 50. Nyumba za m'nthawi imeneyo zinkamangidwa ndi matope a dothi kapena a laimu wosakaniza ndi mchenga. Matope otere ndi ofewa kuposa mwala ndi njerwa, ndipo amalola chinyontho kudutsa. Khoma limamwa madzi pang'ono kuchokera pansi ndi ku mvula, kenako dzuwa ndi mphepo zikabwera limawatulutsa kudzera m'mizere ya pakati pa miyala. Lakhala likuchita zimenezi dzinja lililonse kuyambira 1903, ndipo likadali chiimire.

Simenti ndi yolimba ndipo madzi sadutsamo msanga. Mukamata nayo khoma lakale, madzi amapezabe polowera, kaya pansi, kaya pa mng'alu wochepa ngati ulusi, koma potulukira palibe. Zili ngati kuthira chimanga chosauma m'thumba la pulasitiki n'kumanga kukamwa: kunja kumaoneka bwino, m'kati chikuwola. Chinyonthocho chimakwera m'khoma kufuna potulukira, chimafika pa mafelemu a mawindo ndi pa mitu ya mitanda ya denga, matabwa n'kuyamba kufumbwa, chiswe n'kupeza njira yofewa. Zizindikiro zake mungathe kuwaonetsa ana pa nyumba yakale iliyonse ya njerwa imene inamatidwa simenti m'munsi. Pamwamba penipeni pamene simenti yathera pamakhala mzere wakuda wa chinyontho. Pa njerwa pamatuluka ufa woyera wa mchere, ndipo mukakhudza ndi chala njerwayo imanyenyeka. Mukagogoda pulasitalayo ndi kiyi, pena pamamveka kuti kuseri kuli mphako, kusonyeza kuti wasiyana ndi khoma. Tsiku limene adzagwe, amagwa atakakamira nkhope ya njerwa.

Palinso nkhani ya kugwedezeka kwa nthaka. Livingstonia ili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu, dera la zivomerezi, ndipo anthu a ku Karonga sanaiwale za mu Disembala 2009. Khoma la laimu likasuntha pang'ono, mng'alu umatsata mizere ya matope, imene mmisiri angathe kuikonza. Pamene mizere yadzazidwa ndi simenti yolimba kuposa njerwa, chimene chimasweka ndi njerwayo.

Matailosi pansi amachita zofanana. Amatseka nthaka kuti isapume, chinyontho n'kuthawira m'makoma. Ndipo poika matailosi mumayamba mwaswa kapena kukwirira pansi pakale, ndiye kuti mwataya chinthu chimene simudzachipezanso.

Kukonza koyenera n'kochedwa, ndipo kukatha sikuoneka kwenikweni, n'chifukwa chake opereka ndalama ena sakukonda. Mmisiri amakolopola matope ofumbutuka m'mizere ndi kachitsulo ka pamanja, osati galainda. Amatsuka fumbi, kunyowetsa khoma, n'kukanikizira matope atsopano a laimu ndi mchenga wa kumtsinje, pang'onopang'ono, osapaka pa nkhope ya mwala. Akatero amaphimba ndi masaka onyowa, chifukwa laimu salimba tsiku limodzi, amafuna masabata akukoka mpweya, ndipo akauma mofulumira ndi dzuwa amangosanduka fumbi. Windo likawola m'munsi, kalipentala amadula powola pokhapo n'kulumikiza thabwa la mtundu wofanana, galasi lakale n'kulibwezera. Magalasi ena akale mukayang'anira m'mbali mumaona kuti ali ndi timafunde, chifukwa cha mmene ankapangidwira. Amenewo sagulitsidwanso m'sitolo.

Koma ntchito yaikulu yosamalira nyumba yakale ndi kulimbana ndi madzi, ndipo yambiri safuna katswiri. Kukwera padenga mvula isanayambe kukaona msomali umene wazuka. Kuchotsa masamba m'zolandirira madzi a padenga. Kukumba ngalande kuti madzi azithawa nyumba. Kuonetsetsa kuti dothi silinaunjikane kutsamira khoma, ndi kusuntha maluwa amene amathiriridwa tsiku ndi tsiku m'mphepete mwa maziko, ngakhale akongole bwanji. Kuthyola tinjira ta chiswe tikangooneka n'kufufuza kumene tachokera. Munthu mmodzi wakhama, wokhala ndi makwerero ndi tsache, amapulumutsa nyumba kuposa ndalama zambiri zobwera kamodzi pa zaka khumi.

Musamve ngati ndikuti pasasinthidwe kanthu. Malata akatha amasinthidwa, bola atsopanowo akhale a maonekedwe ofanana ndipo denga lisasinthe kapendekeke kake. Mawaya akale a magetsi ayenera kuchotsedwa, chifukwa moto ndi umene umatha nyumba ya matabwa ouma ndi mapepala m'ola limodzi. Zimbudzi, madzi ndi njira yolowera anthu olumala n'zofunika. Mfundo imene akatswiri a maiko ambiri anagwirizana ku Venice mu 1964, ndipo ikutsatidwabe, ndi yakuti chakale chilemekezedwe, chatsopano chizindikirike kuti n'chatsopano kwa woyang'anitsitsa, ndipo ntchito yonse ilembedwe ndi kujambulidwa. Ine ndimawonjezera funso limodzi kwa bilidala aliyense: chimene ukuikachi, wobwera pambuyo pako angathe kuchichotsa osavulaza nyumba? Waya wodutsa m'paipi yoonekera amachotseka. Waya wokwiriridwa m'khoma la miyala atalisema ndi tchizulo wasiya chipsera mpaka kalekale.

Pa zoti nyumbayi yakhala ikulandiranso alendo ogona, anzanga ena amadandaula. Nkhawa yawo ndimaimva, popeza pamene pali khitchini ndi bafa pali moto ndi madzi. Koma nyumba yotsekedwa imafa msanga kuposa yokhalamo anthu. Mopanda munthu, palibe amene amaona kuti siling'i yayamba kuda pakona, mawindo satsegulidwa, mileme imalowa. Taonani Mandala House ku Blantyre, imene kampani ya zamalonda ya African Lakes inamanga mu 1882, ya nsanjika ndi makonde ake ozungulira. M'menemo ndi mmene nyumba yoyamba ya dziko lino yosungira zinthu zakale inatsegulidwira mu 1960, isanasamukire ku Chichiri mu 1966, ndipo pambuyo pake laibulale ya Society of Malawi inapeza malo m'chipinda cham'mwamba. Yaposa Stone House ndi zaka 21 ndipo ikadalipo, mwa zina chifukwa sinasiyidwe yokha. Chofunika ndi kulekanitsa bwino: kophikira kutali ndi mapepala, zozimitsira moto zogwira ntchito, ndipo zinthu zosabwezereka zisakhale pamene mlendo angazikhalire kapena kuikapo kapu ya tiyi.

Zinthu za m'katimo nazo zili ndi adani awo. Kalata ndi chithunzi chakale zimafwifwa ndi kuwala, ndipo zikafwifwa palibe mankhwala ozibwezera. Chinyontho chimabweretsa nkhungu pa mapepala ndi dzimbiri pa zida za chipatala, zomwe kwa Laws n'zofunika kwambiri, poti iye anali dokotala amene anachita opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa a chloroform ku Cape Maclear kale mu 1876. Njira yabwino ndi kuonetsa makope pa khoma, zenizenizo n'kuzisunga m'mabokosi pamalo ouma ndi amdima, zitajambulidwa kale pa kompyuta. Apanso mukuona kuti khoma louma ndi limene limateteza kalata, choncho wosamalira nyumba ndi wosamalira mapepala ali pa ntchito imodzi.

Ndikanapatsidwa ndalama za nyumba ngati imeneyi, ndikanayamba ndi denga ndi ngalande, kenako magetsi, kenako kujambula pepala lililonse. Zotsalazo ndikanalipira achinyamata awiri odziwa Chitumbuka kuti ayende m'midzi yozungulira Khondowe, Manchewe mpaka Chitimba ndi chojambulira mawu, kufunsa agogo kuti ndani m'banja mwawo anasenza miyala, anakumba Gorodi kapena anaphunzira ukalipentala pa mishoni. Amene anagwira ntchitoyo anapita, ana awonso ambiri anapita, koma adzukulu amene anamva nkhanizo pamoto akadalipo ndipo akukalamba. Mayina amenewo ayenera kulembedwa n'kupachikidwa m'nyumbamo.

Ana anu angathe kuchita zofanana ku Kasungu komweko. Asankhe nyumba imodzi yakale, kaya ya mfumu, kaya tchalitchi, kaya sitolo kapena kalasi yoyamba ya sukulu ina. Aijambule mbali zonse zinayi, ayeze kuchindikala kwa khoma, alembe zimene inamangidwira ndi mayina a amene anaimanga monga akuluakulu akukumbukira. Lamulo la 1990 lija silinalembedwere nyumba za amishoni zokha. Mukaona kuti nyumbayo ili ndi mbiri ndipo wina akufuna kuigwetsa kapena kuimata, lemberani a nthambi yoona za zipilala kudzera kwa DC, muikemo zithunzi ndi zimene anawo alemba, ntchito isanayambe.